Makhadi opanga pamanja a pa Mangochi Boma: kapindidwe nkabwino, inki ndiye imakhumudwitsa

Ngati mukufuna makhadi oitanira chikhamu cha anthu, pitani kwa anyamata osindikiza pa kompyuta, akuchitirani tsiku lomwelo ndipo thumba silipweteka. Koma pali anthu ena amene sungawaitane ndi uthenga wa pa WhatsApp osachita manyazi: ankhoswe, apongozi, amfumu, abusa, ashehe. Kwa anthu oterewa, makhadi amene mtsikana wina amapanga pamanja pano pa Mangochi Boma ndi oyenera ndalama yake. Ndawagwiritsa ntchito pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, pa Tsiku la Anakubala la pa 15 October, ndiponso pa Khirisimasi. Dzina lake ndi nambala yake sindiika pano chifukwa sindinamupemphe, koma amagwirira ntchito pakhonde la kwawo, ndipo kuchokera pa wotchi yaitali ija ya pafupi ndi mlatho wa Shire ndi pongoyenda wapansi.

Chimene chinandikopa si riboni kapena maluwa ayi, ndi kapindidwe. Tengani khadi la manila lopinda munthu wosadziwa ntchito, muona pamsana pake patasweka timizere toyera, m'mphepete mwake mosakumana. Ake alibe zimenezo, ndipo nditakhala pa benchi n'kumaonerera ndinamvetsa chifukwa chake. Amatenga pepala lolimba la A4, lija la masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, n'kulidula pakati ndi lezala motsatira rula yachitsulo. Theka lililonse likapindidwa pakati limatulutsa khadi la masentimita 10.5 ndi 14.8, lolowa bwinobwino mu envelopu ya C6. Koma sangofikira kupinda. Amayamba wakanda mzere ndi bolopeni yotha inki, kukanikiza pang'ono kuti pakhale kanjira, kenako n'kupinda, n'kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni ya tiyi.

Palinso china chimene ambirife sitilabadira. Pepala lili ndi mbali imene ulusi wake unagonera pamene linkapangidwa ku fakitale. Ukapinda motsatira mbali imeneyo limamvera, ukapinda mopingasa limasweka. Iye amayamba walikhotetsa pang'ono uku ndi uku m'manja, ndipo kumene likufewa ndi kumene amapindira. Ichi n'chifukwa chake nthawi zina amadula pepala mooneka ngati akuwononga, n'kusiya tizidutswa tambiri pambali. Nditadandaula anangoseka: "Mayi, mukufuna khadi kapena mukufuna ndisunge zinyenyeswa?" Za kulemera kwa pepala amadziwanso. La fotokope lija ndi la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), ndipo amangoliika m'kati polemba mawu. Chikuto amapangira pepala la 220 gsm kapena kuposerapo, n'chifukwa chake khadi limaima lokha pa tebulo osagwada.

Pa chinkhoswe tinasankha khadi la zitseko ziwiri. Pepala lomwe lija la theka la A4 amalikanda mizere iwiri, uliwonse masentimita 5.25 kuchokera kumapeto, ndiye mbali ziwirizo zimadzakumana pakati penipeni. Apa mpamene luso limaonekera, chifukwa ukaphonya ndi milimita imodzi yokha zitsekozo zimakwerana kapena kusiya mpata. Ndinayang'ana limodzilimodzi, onse anali okumana bwino. Pa zitsekozo anamatapo zidutswa za chitenje cha yunifomu ya chinkhoswecho, zimene tinakatola kwa telala wathu ku msika atadula madiresi oyamba. Nzeru imeneyi inali yake, si yanga.

Chitenje pa pepala chimavuta, ndipo amene anayesapo akudziwa: ulusi umasosoka m'mphepete, guluu amalowerera n'kusiya mabala. Iye amayamba wasita nsaluyo ndi simbi ya makala, kupaka kumbuyo kwake guluu woyera uja wa akalipentala mopyapyala, kuisiya iume gwa, kenako n'kudula. Nsalu yoteroyo imadulika ngati pepala, sisosoka. Akamata pa khadi amalipanikiza pansi pa mabuku olemera usiku wonse kuti lisapindike ndi chinyezi cha guluuyo. Agogo athu a ku Namwera atalandira lawo sanathamangire kuwerenga. Anayamba ayendetsa chala chachikulu pa nsaluyo, kuiyang'anitsitsa pafupi ndi maso, kenako anati, "Kodi iyi si nsalu tikuti tisoke ija?" Tsiku la chinkhoswe anabwera nalo atalimanga m'kampango pamodzi ndi ndalama zofupira.

Za mapepala amaluwamaluwa ogula m'sitolo ndinena mwachidule: musawasankhe. Ali nawo, aja okulungira mphatso, koma ndi opyapyala ndiponso oterera, ndipo akakhudzana ndi guluu wamadzi amachita makwinya. Komanso zojambula zake si zathu. Pa Khirisimasi anandionetsa lina la chipale chofewa ndi nkhalamba ya ndevu zoyera itavala chijasi, ife thukuta lili kamukamu pakhonde, fani palibe. Abwino ndi amene amakongoletsa yekha: amatenga pepala la khaki kapena loyera n'kudinda chidindo chimodzi mobwerezabwereza m'mizere mpaka pepala lonse litadzaza tinsomba kapena timasamba. Ali ndi ena ochepa opangidwa pamanja ochokera ku Blantyre, okhakhala, ulusi wa nthochi ukuonekera. Ndi okongola, koma chidindo sichigwira bwino pa pepala lokhakhala, ndiye amangowagwiritsa ntchito ngati pogonekapo kapepala kena kosalala.

Zidindo zakezo amasema yekha. Zing'onozing'ono amasema pa labala yofufutira ija ya ana asukulu, zokulirapo pa patapata wakutha amene amatsuka n'kudula. Muli chambo, mlambe, bwato, mgwalangwa, mtanda, mwezi ndi nyenyezi, ndi mawu angapo monga "Zikomo" ndi "Mafuno abwino". Mawu amawasema chobwerera, kuti akadinda awerengeke molondola, ndipo amayamba waona pa kagalasi asanadule. Chambo chake ndi chambodi, mpaka minga ya pamsana, osati nsomba ya m'buku la Sitandade 1. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ya usodzi cha ku Makawa anachiyang'ana n'kugwedeza mutu kuvomereza, ndipo munthu ameneyu sayamikira chinthu wambawamba.

Apa mpamene khadi la pamanja limaposa losindikiza kwa ife a kuno. M'banja mwathu, monga m'mabanja ambiri a ku Mangochi, muli Akhristu ndi Asilamu. Ukapita kosindikiza umasankha chithunzi chimodzi ndi mawu amodzi, onse alandire zomwezo, ndiye umayamba kuganiza kuti vesi la m'Baibulo lili pamwambali amalume a ku Mpondasi alilandira bwanji. Mtsikanayu anandifunsa yekha ndisanatchule n'komwe: "Mayi, oitanidwawa onse ndi a kutchalitchi?" Tinagawa mndandanda. Ena anawaikira mtanda ndi vesi, ena mlambe ndi moni waulemu, ndipo a agogo awiri anawalembera m'Chiyao, chimene amalankhula bwino kuposa ine. Mtengo sunasinthe chifukwa cha zimenezi.

Tsopano zolakwika, ndipo chachikulu ndi inki. Makhadi oyamba anadinda ndi inki ya padi ya mu ofesi, yofiirira mobiriwira ija imene timaiona pa makalata a kwa amfumu. Inki imeneyi imauma msanga, inde, koma ndi yamadzi, ndipo ikakumananso ndi madzi imadzuka. Chinkhoswe chathu chinali mu October, mwezi umene kuno kutentha kumapitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku. Ankhoswe akuchimuna anagwira khadi lawo ndi dzanja la thukuta akutsika minibasi, ndipo pofika pakhomo chala chawo chinali chitadetsedwa, mlambe wa pa khadi utasanduka chimtambo. Anaseka, koma ine sizinandisangalatse. Lina limene linakhala pawindo milungu ingapo linafwifwa ndi dzuwa mpaka chambo kutsala chizimezime.

Pa Khirisimasi zinaposa. Mtsikanayu anatumiza makhadi ndi wakabaza atawaika mu envelopu yaikulu ya khaki, popanda pulasitiki, mvula n'kumupeza m'njira. Sanavumbwe kwambiri, koma madontho amene analowa anakwanira. Pamene panali "Mafuno abwino" panangotsala banga. Ndinamuimbira ndili wokwiya ndithu. Sanatsutse kapena kuloza chala wakabazayo. Anati, "Pepani mayi, vuto ndi langa, ndipanganso." Anapangadi ena osandilipiritsa, ndipo ulendo uno anadinda ndi penti wa acrylic, wonga amene amagwiritsa ntchito anyamata ojambula zithunzi ku Cape Maclear, akumupaka pa chidindo ndi kasiponji. Penti ameneyu akauma saopa madzi. Ndinayesa kudonthezera madzi pa limodzi, silinasinthe. Kuipa kwake, ndi wokhuthala, ndiye amatseka timizere tating'ono: minga ya chambo ija inasowa, chinatsala chithunzi cha nsomba wamba. Chimene chikufunika ndi inki ya pigment yopangidwira ntchito imeneyi, imene imachedwa kuuma koma sifwifwa msanga. Akuti amachita kuitanitsa kwa anthu opita ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo sakhala nayo nthawi zonse. Mukamaoda, funsani kuti adinda ndi chiyani, ndipo muuzeni adinde kachidutswa muyese ndi chala chonyowa musanalipire.

Guluu wa kandodo uja wopaka mozungulira nayenso sagwirizana ndi kutentha kwa kuno. Khadi la Tsiku la Anakubala limene ndinagulira amayi linali la mtundu wodzuka: amadula timizere tiwiri tofanana popindira pa pepala la m'kati, n'kukankhira kachidutswako m'kati kuti kakhale ngati kasitepe, ndiye akamatapo duwa limaimirira ukatsegula khadi. Amayi anakondwa nalo, analitsegulira aliyense wobwera pakhomo, ndipo sabata isanathe duwalo linamatuka n'kugwera pansi pa kabati. Zonse zimene anamata ndi guluu woyera wa akalipentala zikadali zogwira mpaka lero. Ndinamuuza, ndipo akuti wa kandodoyo anamusiya.

Nthawi sasunga kwenikweni. Akati Lachisanu, inu werengerani Lolemba kapena Lachiwiri. Amagwira yekha, nthawi zina mng'ono wake amamuthandiza kudula akaweruka kusukulu, ndipo guluu ndi penti zili ndi nthawi yake youma imene sungaifulumizitse. Zimenezo ndikumvetsa. Chimene sindimvetsa ndi kukhala chete. Foni yake imatha tsiku lonse ili yozima, uthenga wa pa WhatsApp n'kuyankhidwa mawa lake, iwe mtima uli m'mwamba poti ankhoswe akudikira. Odani kudakali mwezi wathunthu, makamaka nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe kuyambira August mpaka mvula isanagwe, pamene amakhala ndi ntchito yambiri.

Mawu a m'kati amalemba ndi dzanja, ndipo zolemba zake ndi zooneka bwino, zoimirira, zosapendekeka. Koma mayina mutumizireni olembalemba pa foni, musamutchulire pakamwa. Dzina la apongozi ena analilemba mmene analimvera, lopanda "h" pamene pamafunika, ndipo mwamwayi ndinaliona lisanachoke. Popeza mawuwo amakhala pa kapepala kapadera ka m'kati, anangochotsa n'kuikamo kena, khadi lonse silinatayike.

Mtengo ndi wokwera, palibe chobisa. Khadi limodzi la zitseko ziwiri linandidya ndalama yogulira osindikiza atatu kapena anayi. Ndinayesa kunenerera poti ndikutenga angapo, koma anangotsitsa pang'ono, nati lachikhumi limamutengera nthawi yofanana ndi loyamba. Nditaona mmene amagwirira sindinalimbikire. Amafuna theka la ndalama poyamba, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, chotsalacho polandira. Mukabwera ndi nsalu yanu amachotsako pang'ono. Ife tinachita chonchi: a pamanja kwa akuluakulu okhaokha, osindikiza kwa abale ndi anansi, ndipo achinyamata anangolandira chithunzi cha khadi pa gulu la WhatsApp.

Maenvelopu ndiwo sanafikepo. Khadi la chitenje lokhala ndi mfundo ya riboni limanenepa, ndipo mu C6 yogula limalowa mokakamiza mpaka kung'amba ngodya. Ndiye amapinda ake a khaki kapena a makalendala akale, amene ndi okwana bwino koma alibe chomatira pakamwa, amangolowetsa kansonga m'kati. Popereka pamanja palibe vuto. Limene ndinatumiza kwa achimwene ku Lilongwe pa basi ndinachita kulimata ndi selotepi n'kuliika pakati pa makatoni awiri, ndipo linafika bwino. Iyeyo akanayenera kumachita zimenezi yekha pa ndalama imene amalipiritsa.

Pa nyenyezi zisanu ndikumupatsa zinayi, imodziyo yapita ndi inki ndi foni yozima. Ndamuuza kale kuti pa Idi ikubwerayi andipangire a anansi anga, a mwezi ndi nyenyezi pa pepala lobiriwira, ndipo tapangana kuti inki ya mu ofesi isayandikire, komanso kuti ndidzatenga ndekha m'bokosi la pulasitiki, osatumiza wakabaza.