Digital Wellbeing: wotchi ya mufoni yowerenga nthawi imene ubongo umatibisira

Funsani mnyamata wa kabaza amene akudikira kasitomala pa Chitakale, maso ali pa TikTok, kuti wakhala pa foni nthawi yaitali bwanji. Akhoza kunena kuti mphindi 10, pomwe ola lathunthu lapita. Sikuti akunama. Wotchi ya m'mutu mwake ndi imene yasochera, ndipo ichi ndi chifukwa chake pulogalamu ya Digital Wellbeing, imene Google inayamba kuika m'mafoni a Android mu 2018, ndi yoyenera kuiona bwino.

Dopamine ndi mankhwala amene maselo ena a muubongo amatulutsa potumizirana uthenga. Ambiri mwa maselo amenewa ali m'kati mwenimweni mwa ubongo, pamalo otchedwa substantia nigra ndi ventral tegmental area, ndipo uthenga wawo umapita ku striatum, gawo lomwe limathandizanso kuyeza kutalika kwa masekondi. M'zaka za m'ma 1990, Wolfram Schultz ndi anzake anaonetsa pa anyani kuti maselowa amatakataka kwambiri chinthu chabwino chikabwera mosayembekezereka. Kavidiyo kotsatira, kosadziwika ngati kakhala kosekesa kapena kozizira, ndi mphoto ya mtundu umenewo ndendende.

Mu 2016, gulu la Joe Paton ku malo a kafukufuku a Champalimaud, mumzinda wa Lisbon ku Portugal, linaphunzitsa mbewa kumva kaphokoso kawiri ndi kusankha ngati mpata wapakati pake unali waufupi kapena wautali kuposa masekondi 1.5. Atadzutsa maselo a dopamine ndi kuwala, mbewa zinkaona mpatawo ngati waufupi. Atawafooketsa, unkaoneka wautali. Tisathamange nazo komabe: zimenezi ndi mbewa ndi masekondi, ndipo kafukufuku wakale pa makoswe opatsidwa methamphetamine, mankhwala ozunguza bongo amene amachulukitsa dopamine, anaonetsa zosiyana: wotchi ya m'mutu inkathamanga, nthawi n'kumaoneka yaitali. Kwa munthu, chidwi nacho chili ndi mbali yake yaikulu, chifukwa maganizo akamira m'chinthu salabadiranso kuwerenga nthawi. Chomwe chili chotsimikizika n'chakuti kuyerekeza kwathu kumasinthasintha, choncho pamafunika wotchi yakunja kwa mutu.

Digital Wellbeing ndiyo wotchi yoteroyo. Ndi yaulere, imabwera kale m'mafoni ambiri, ndipo kuwerenga kwake sikudya bandulo. Lowani mu Settings, pezani Digital Wellbeing & parental controls. Pamwamba pamaoneka chozungulira chosonyeza maola a tsikulo, kangati mwatsekula foni, ndi mauthenga angati alowa. Mukachigwira mumafika pa mndandanda wa mapulogalamu, ndipo pambali pa iliyonse pali kachizindikiro koikira malire a nthawi. Malire akakwana, chithunzi cha pulogalamuyo chimasanduka chotuwa ndipo siitsekuka mpaka pakati pa usiku.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa kuwerengako. Malangizo athu ndi akuti sabata yoyamba musatseke chilichonse. Madzulo aliwonse lembani papepala maola amene mukuganiza kuti mwathera pa foni, kenako tsekulani muone nambala yeniyeni. Kusiyana kwa ziwirizo ndi kumene kumamugwira munthu mtima. Wophunzira wa fomu 4 amene akukonzekera MSCE aike malire atatha kuona zimenezi, ndipo ayambe ndi kuchotsako mphindi 30 zokha. Amene amadumpha kuchoka pa maola atatu kufika pa mphindi 15 amafufuta malirewo tsiku lachiwiri.

Pamenepo ndi pamene pali kufooka kwake kwakukulu. Malire amachotsedwa ndi mwini wake yemweyo, popanda nambala yachinsinsi, m'masekondi ochepa, ndipo nthawi imene munthu amafuna kuwachotsa ndi yomweyo imene chilakolako cha kavidiyo kena chili pamwamba. Ngati loko, ndi yofewa kwambiri. Pali mipata inanso. Facebook ndi Facebook Lite zimawerengedwa padera, choncho mukatseka imodzi inayo imakhala yotsekula. Chrome nayo ndi khomo lakuseri, iikireni malire ake. Ndipo popeza zonse zimayambiranso 12 koloko usiku, amene nthawi yake inatha 9 koloko amapezanso ina yatsopano pa ola loipitsitsa.

Bedtime mode imathandiza pa vuto lomalizali. Muiike kuti iyambe 9 koloko madzulo mpaka m'mawa: mitundu yonse pa sikirini imasanduka yotuwa ndipo mauthenga salira. Vidiyo yopanda mtundu siikoka maso ngati kale. Kwa wothyola tiyi amene amalawirira ku esiteti kusanache, iyi ndiyo mbali yopindulitsa kuposa zonse.

Focus mode imaimitsa mapulogalamu amene mwasankha pa maola oikika, pamodzi ndi mauthenga ake. Amalonda a nthochi ndi zinanazi, amene maoda awo ochokera ku Limbe amabwera pa WhatsApp, asaiike pa mndandanda umenewu, angaphonye ogula.

M'makomo ambiri kuno foni ndi imodzi, bambo, mayi ndi ana onse amagwirapo. Zikatero nambala zimasakanikira, ndipo si bwino kudzudzula mwana potengera maola amene theka lake ndi a akuluakulu. Ngati mwana ali ndi foni yakeyake, gwiritsani ntchito Family Link, pulogalamu ya Google ya makolo, imene malire ake amasinthidwa ndi kholo lokha. Iyo imafuna akaunti ya Google ya mwanayo ndi intaneti poyikonza, choncho gulani kabandulo kaye musanayambe, ndipo mafoni onse awiri akhale pafupi.