Inconel 718 pamalo a haidrojeni: musanagule, funsani kaphikidwe kake

Inconel 718 ndi chitsulo chomwe ambiri amagula ndi mtima uli m'malo, ndipo chifukwa chake chilipo. Pa satifiketi chimalembedwa UNS N07718. Muli nickel 50 mpaka 55 peresenti, chromium 17 mpaka 21, niobium 4.75 mpaka 5.5, molybdenum pafupifupi 3, ndipo gawo lalikulu la zotsalazo ndi ayironi. Dzimbiri silichigwira wamba, chimasunga mphamvu mpaka madigiri 650 a Celsius, ndipo chimawotchereka bwino kuposa zinzake zambiri za nickel. Mtengo wake ndi wowawa ndipo chimadya mipeni ya makina, koma izi aliyense amazidziwa asanagule.

Chomwe ogulitsa satchula kawirikawiri ndi khalidwe lake chikakumana ndi haidrojeni pamene chikukokedwa ndi kumasuka mobwerezabwereza, monga zimachitikira ndi mabawuti, mashafiti ndi zamkati mwa mavavu. Mng'alu ukangoyamba, nsonga yake imang'amba chitsulo chatsopano chopanda khungu loteteza. Haidrojeni amagawikana pomwepo kukhala maatomu, n'kulowa, n'kuunjikana patsogolo pa nsongayo pomwe chitsulo chakokedwa kwambiri. Kukoka kulikonse mng'alu umasuntha kwambiri kuposa mmene ukanasunthira mumpweya wamba. Mukaika chidutswa chothyoka pansi pa maikulosikopu, kusiyana kumaoneka: chothyokera mumpweya wamba chimakhala ndi timizere tondondozana ngati mafunde pamchenga, pomwe chothyokera mu haidrojeni chimaonetsa timalo tosalala, nthawi zina totsatira malire a njere za chitsulo, timakristalo tomwe timapanga chitsulocho.

NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, inakumana nazo izi pa injini zazikulu za Space Shuttle, momwe munali 718 wochuluka. Atayesa zidutswa zokhala ndi kamphako mu haidrojeni wopanikizidwa kufika 69 MPa (megapascal, muyezo wa kupanikiza kapena kukoka), mphamvu inatsika kufika pafupifupi theka la mphamvu ya mu helium. Mbali zina za injinizo anachita kuzikuta ndi kopa kuti mpweyawo usafike pachitsulo.

Nkhani yagona pa kaphikidwe ka mu ng'anjo. Dzina ndi limodzi, koma pamsika pali mitundu iwiri yosiyana khalidwe. Wa ndege, wotsatira muyezo wa AMS 5663, amayamba kuuphika pa madigiri apakati pa 940 ndi 1010, kenako maola 8 pa 718, n'kuutsitsira ku 621 mpaka maola onse akwane 18. Umatuluka wolimba kwambiri, wosagonja pansi pa 1034 MPa, koma m'malire a njere mumatsala tizidutswa ta nickel ndi niobium totchedwa delta. Mu injini ya ndege delta ali ndi ntchito, amaletsa njere kukula. Mu haidrojeni ndiye amakhala njira ya mng'alu, chifukwa pomwe iye wakhudzana ndi chitsulo chozungulira ndi pomwe pamayamba kulekana.

Wa mafuta ndi gasi, wotsatira muyezo wa API 6ACRA, amauphika pa madigiri 1021 mpaka 1052 kuti delta asungunuke, kenako maola 6 mpaka 8 pa madigiri 774 mpaka 802. Gulu lodziwika kwambiri ndi la 120K, losagonja pansi pa 827 MPa, kulimba kwake kosapitirira 40 pa sikelo ya Rockwell C (HRC). Mphamvu yatsikako, inde, koma mwa mitundu iwiriyi, pamalo a haidrojeni uwu ndiye wogula. Muyezowu umafunanso kuti malire a njere aunikidwe, ndipo chitsulo chokhala ndi delta wolumikizana kuzungulira njere chimakanidwa. Wogulitsa akakupatsani satifiketi ya zosakaniza zokha, yopanda madigiri, maola ndi zotsatira za kuunikako, katunduyo musalandire.

Ngakhale wa API sanapulumukiretu. Pansi pa nyanja, maanodi, zidutswa za aluminiyamu zoteteza mapaipi ku dzimbiri, amaika chitsulo pa mphamvu ya magetsi ya pafupifupi -1.05 V, ndipo pamenepo madzi amatulutsa haidrojeni pankhope ya bawuti usana ndi usiku. Chitetezo chomwecho ndicho chimadyetsa mng'alu. Umayambira pansi pa mazinga a bawuti kapena pangodya yakuthwa, choncho ngodya zikhale zozungulira bwino ndipo kumanga kuyezedwe, osati kungokoka sipanala mpaka dzanja litatopa.

Ziwerengero za kakulidwe ka mng'alu zomwe zimabwera ndi katundu muziwerenge mosamala. Zambiri zimatsatira njira yoyesera ya ASTM E647, koma mumpweya wamba komanso pa liwiro la 10 kapena 20 Hz, kutanthauza kukoka maulendo 10 kapena 20 pa sekondi, kuti ntchito ithe msanga. Haidrojeni amayenda pang'onopang'ono mu nickel, ndiye pa liwiro limenelo sapeza nthawi yofika patsogolo pa nsonga, ndipo chitsulo chimaoneka chabwino kuposa mmene chilili. Pemphani zoyesedwa pa 1 Hz kapena 0.1 Hz, mu haidrojeni wa mphamvu yofanana ndi ya pantchito yanu. Funsaninso za kuyera kwa mpweya woyesera, poti okosijeni wochepa chabe amatseka nkhope ya mng'alu n'kubisa vuto. Kutentha nako kumanyenga. Kuwonongeka kumakula kwambiri pa kutentha kwa m'chipinda wamba, kotero zotsatira zabwino za pa madigiri mazana angapo sizikunena kanthu za makina amene akungoyatsidwa ali ozizira.

Pazitsime za mafuta ndi zipangizo za pansi pa nyanja, 718 wa API 6ACRA 120K ndi woyenera ndalama zake, bola mapepala akhale okwanira. Pa mpweya wa haidrojeni wopanikizidwa kwambiri komwe katundu amasinthasintha, A-286, chitsulo china cha ayironi, nickel ndi chromium, amapirira bwino kuposa 718, ngakhale mphamvu yake ndi yocheperapo ndipo chipangizocho chingafunike kukulitsidwa.