Bokosi la ma disiki 15 la The Lord of the Rings ndi logulika, ngakhale nkhani ya Faramir imandiwawabe

Amene mukufuna kukhala ndi mafilimu a The Lord of the Rings anuanu pakhomo, ine ndikuti sakani bokosi la Blu-ray la Extended Edition, kutanthauza mafilimu otalikitsidwa kuposa a ku sinema, lomwe linatuluka mu 2011, lija la ma disiki 15. Mkatimo muli ma Blu-ray 6 a mafilimu enieniwo, iliyonse anaigawa pawiri chifukwa cha kutalika, ndiye palinso ma DVD 9 a zakuseri, momwe ankajambulira ku New Zealand, momwe a Weta Workshop ankasulira malupanga ndi kusoka zovala zankhondo, mpaka momwe Howard Shore ankapekera nyimbo. Filimu iliyonse ilinso ndi ma komentale anayi, mutha kumaonera uku mukumva wotsogolera mafilimuwa Peter Jackson ndi anzake awiri olemba nawo, Fran Walsh ndi Philippa Boyens, akufotokoza chifukwa chomwe anasinthira chakuti ndi chakuti. Mbali imeneyi ndi imene yandipangitsa kulemba, chifukwa mafilimu amenewa anagawanitsa anthu ndipo mbokosimu mumamva mbali zonse.

Kutalika kokha dziwiranitu, The Fellowship of the Ring ya 2001 ku sinema inali mphindi 178 koma apa ndi 208, The Two Towers ya 2002 yachoka pa 179 kufika 223, ndipo The Return of the King ya 2003 yachoka pa 201 kufika 251, kupitirira maola anayi imeneyo. Zonse pamodzi ndi maola oposa 11, si za madzulo amodzi ayi, ndipo ngati kwanuko magetsi amavuta kugawa pawiri kuja kumathandiza, mumadziwa poimira.

Olemba ndemanga za mafilimu mnyuzipepala ambiri anawayamikira kwambiri, palibe kukana. Onse atatu pamodzi anapata ma Oscar 17, ndipo yachitatuyo inatenga 11 yokha, kufanana ndi Ben-Hur ndi Titanic, ndipo paliponse pomwe inapikisana inawina. Koma si onse anawomba mmanja mosaganizira. Malemu Roger Ebert wa ku Chicago anaipatsa yoyamba ija nyenyezi zitatu mwa zinayi, kudandaula kwake kunali koti ma hobbit, tianthu tofatsa tomwe J.R.R. Tolkien, mlembi wa mabuku omwe mafilimuwa anachokera, anamangirapo nkhani yonse, akankhidwira pambali ndipo malo atenga ndi amuna a malupanga ndi nkhondo. Mwana wa mlembi, Christopher Tolkien, ndiye anachita kukwiyiratu, mu 2012 anauza nyuzipepala ya Le Monde ya ku France kuti bukulo analichotsa mtima wake nkulisandutsa filimu yomenyana ya achinyamata a zaka 15 mpaka 25. Munthu amene anatha moyo wake akusanja zolemba za bambo ake akalankhula chonchi sungangomutaya, ndimamumvetsa, ngakhale sindigwirizana naye pa zonse.

Pomwe Extended Edition ikuposa ya ku sinema ndi pomwepa, zambiri zomwe anabwezeramo si nkhondo, ndi zofatsa zija Ebert ankasowa. Koyambirira kuli Bilbo akulemba za moyo wa ma hobbit ku Shire, kuli Galadriel akupereka mphatso kwa aliyense wa gulu loperekeza Frodo, hobbit wonyamula mphete yoopsa kuti akaiwononge, pomwe Gimli akupempha tsitsi limodzi lokha la mmutu mwake nkupatsidwa atatu, kuli Éowyn akuimba pa maliro a Théodred. Imfa ya Saruman nayo ilimo. Ku sinema anaidula yonse mu filimu yachitatu moti munthu woipa wamkulu chonchija anangosowa osadziwika kuti watha bwanji, ndipo Christopher Lee yemwe anasewera malowo zinamupweteka kwambiri, munthu woti mabukuwo ankawerenga chaka ndi chaka ndipo anakumanapo ndi Tolkien mwiniwake. Kuiona ili mmalo mwake mtima umakhala pansi.

Tsopano za ma fani a mabuku. Zodandaula zawo nzambiri koma sizilemera mofanana. Zoti Tom Bombadil mulibe, ine sindidandaula nkomwe, mbuku amakoma koma pa sikirini bambo woimbaimba amene mphete ilibe naye mphamvu akanaimitsa ulendo usanayambe. Zoti Arwen ndi amene anapulumutsa Frodo pa mtsinje mmalo mwa Glorfindel, nazonso nzomveka, filimu siingamabweretse munthu watsopano wa mphindi zisanu kenako osamuonanso. Ma elf kubwera kudzathandiza ku Helm's Deep mbuku mulibe, chabwino, koma ndikaona mtsogoleri wawo Haldir akufa pakhoma paja ndimakhululuka.

Koma Faramir abale. Mbuku lija Faramir ndi munthu amene akuonetsa kuti si anthu onse adyera, mkulu wake Boromir anagwa chifukwa cha mphete koma iyeyu atadziwa chomwe Frodo wanyamula anamusiya apite, ananeneratu kuti ngakhale ataipeza yagwa mmbali mwa msewu sangaitole. Mufilimu anamusandutsa munthu wogwira Frodo ndi Sam nkuwakokera ku Osgiliath kuti akapereke mphete kwa bambo ake, asilikali ake nkumamenya Gollum, wowalondolera njira awiriwo, iye akuonerera. Ma fani anakwiya mu 2002 ndipo mpaka lero akadakwiya. Mu ma DVD a zakuseri olembawo akufotokoza bwinobwino, akuti anatha filimu yonse yoyamba akuonetsa kuti mpheteyi imakola aliyense ndiye munthu wongoikana mosavuta akanaifooketsa, komanso poti nkhani ya kangaude uja Shelob anaisunthira ku filimu yachitatu, Frodo analibe chopinga china mu yachiwiriyi. Ndawamva, ndipo ndikuyamikira kuti sanabise, anakhala pansi nkuyankha. Koma sananditembenuze. Aragorn anaikana, Galadriel anaikana, Gandalf anaikana, bwanji munthu wamba mmodzi wa mtima woongoka asaikane? Tolkien ankafuna tidziwe kuti anthu otere alipo, ndipo kuchotsa zimenezo nkuchotsa chiyembekezo china chake mnkhaniyi.

Chomwe Extended yachita ndi kuchepetsako ululu. Anabwezeramo chigawo chakale cha ku Osgiliath pomwe Boromir ndi Faramir akusangalala limodzi atalanda mzinda, bambo wawo Denethor nkubwera kudzamunyoza wamng'onoyo pamaso pa anthu uku akutamanda wamkulu. Aliyense amene anakulira pakhomo pomwe mwana mmodzi ndiye diso la bambo amvetsa msanga chomwe chikumudya Faramir mumtima, ndipo David Wenham ndi Sean Bean anasewera bwino zedi pamenepa. Akadali Faramir wina osati wa mbuku, koma ndi munthu womveka tsopano, pomwe ku sinema ankangooneka ngati wankhanza basi.

Sikuti zonse zobwezeredwa nzabwino. Mu yachitatu muli pomwe Witch-king akuthyola ndodo ya Gandalf nkumugwetsa pa hatchi, zomwe mbuku mulibe ndipo zikumuchepetsa Gandalf popanda chifukwa. Mulinso pomwe Aragorn akudula mutu wa mthenga wa Sauron, mdani wamkulu mwini mphete, pa chipata chakuda, munthu woti wabwera kudzakambirana, mfumu ya ulemu ngati Aragorn wa mbuku singachite zimenezo olo mthengayo akhale woipa bwanji. Ziwirizi bola akanazisiya komwe zinali. Ndipo Frodo kuthamangitsa Sam chifukwa cha bodza la Gollum la buledi, komwe kuli mu ya ku sinema ndi mu Extended momwe, limandipweteka nthawi iliyonse, ubwenzi wa awiriwa ndiye msana wa nkhani yonse. Kumapeto nakonso kubwerera kwa ma hobbit nkupeza Shire itawonongedwa ndi Saruman mulibe ngakhale mu Extended, chikhalirecho kwa Tolkien mutu umenewo unali wofunika, munthu anamenya nawo nkhondo ku Somme mu 1916 ndipo ankadziwa kuti nkhondo imakutsata mpaka kumudzi. Anthu ankadandaula kale kuti filimuyo ikuchedwa kutha, ndiye ndikumvetsa kuti akanawonjezera theka la ola ena akanatuluka.

Za bokosi lenilenilo, mawu ndi amphamvu kwambiri, ngati muli ndi masipika abwino nkhondo ya ku Pelennor imagwedeza nyumba. Chithunzi nchoyera pa yachiwiri ndi yachitatu, koma yoyamba ili ndi kamtundu kobiriwira komwe ogula ambiri anadandaula itangotuluka, kamaoneka kwambiri pa chipale cha phiri la Caradhras, ine kamandisokoneza pang'ono poyamba kenako maso amazolowera. Zakuseri zija zili pa DVD wamba ndiye musayembekezere kuwala kwa Blu-ray. Ma sabutaito a Chingerezi alipo ndipo yatsani ndithu, mayina ndi ambiri ndipo Gollum salankhula zomveka msanga. Wina akamakugulirani kunja muuzeni aonetsetse za rijoni, ma Blu-ray a ku UK ndi Region B yomwe ndi yathu yomweyo kuno ku Africa, koma ma DVD ake ndi Region 2, ofuna pleya yowerenga rijoni imeneyo kapena yowerenga zonse.

Kuli ya 4K yomwe inatuluka kumapeto kwa 2020, mitundu anaikonzanso ndipo kubiriwira kuja kunachoka, koma ma DVD a zakuseri aja mulibemo, ndipo ena amati nkhope anazisalaza mopitirira. Ngati mukungofuna chithunzi chakuthwa pa TV yaikulu tengani imeneyo. Ine ndikanasankhabe ya 2011, chifukwa ndimafuna kumva Boyens akudziteteza pa za Faramir, ndibwerere ku buku, ndione ngati tsiku lina adzanditembenuze.