Ulendo wa ku Medjugorje: kukwera Križevac n'kwabwino, koma mufunse za viza ndi nsapato

Makampani okonza maulendo a kumalo oyera, monga amene amafikira akhristu a m'maparishi a kuno ku Mchinji, amaika tsiku limodzi lokwera phiri la Križevac ku Medjugorje, mudzi umene Akatolika amapitako kukapemphera m'dziko la Bosnia ndi Herzegovina. Malo ogona, chakudya ndi wotsogolera mapemphero amakonza bwino ndithu. Pomwe ambiri amaperewera ndi pokonzekeretsa anthu za phirilo.

Pamwamba pake pali mtanda wa konkire wotalika mamita 8.56, umene akhristu a m'deralo anamaliza kumanga mu 1934 pokumbukira zaka 1,900 chimwalirire Ambuye Yesu. Amene anakwerapo Michiru kudzera ku Chilomoni akuudziwa kale, chifukwa mtanda wa kumeneko anatengera womwewu. Phirilo ndi la mamita pafupifupi 520 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti ngakhale pa Boma pano ndi pokwera kuposa nsonga yake. Choncho vuto si mpweya ayi, ndi miyala.

Njira yonse ndi miyala yosongoka, ina yoterera chifukwa chopondedwapondedwa, ndipo pakati pake pali dothi lofiira lomwe mvula ikagwa limakhala ngati sopo. Masilipasi ndi nsapato za kutchalitchi zisiyeni kuchipinda. Pamafunika nsapato yomanga zingwe, yamalaba okhuthala, yoti mwaiyendera kale milungu ingapo. Yatsopano imatulutsa matuza musanafike pa malo achisanu a Njira ya Mtanda. Ndodo amagulitsa m'tsinde mwa phiri, gulani. Amayi, chitenje chikhale chofika pakati pa msongolo, chachitali chimakola m'miyala. Mudzaona ena akukwera osavala nsapato ngati kudzimana, koma musangotengera.

Kukwera mukuima pa malo onse 14 a Njira ya Mtanda, pomwe pali zithunzi zamkuwa, kumatenga maola awiri kapena kuposerapo. Kutsika ndiye koopsa: mawondo amakhala atatopa, anthu amafulumira poganiza za basi, ndipo ambiri amabinya bondo kapena kakolo pamenepa. Kampani yopereka maola atatu okha pa zonse, gulu lili ndi agogo, ndiye kuti sinaganize bwino. Funsani ngati pali wotsogolera wachiwiri wotsalira m'mbuyo. Mu Julaye ndi Ogasiti muziyamba kusanache, ndi madzi osachepera lita imodzi ndi theka aliyense.

Za viza musamve zongouzidwa pakamwa. Magulu ambiri amatsikira ku Split kapena Dubrovnik ku Croatia, dziko lomwe linalowa m'chigawo cha Schengen (mayiko a ku Ulaya olowa ndi viza imodzi) mu 2023, pomwe Bosnia ili kunja kwake. Viza ya Schengen yolowera kamodzi imathera pa chipata mukangowolokera ku Medjugorje, pobwerera kukakwera ndege n'kukubwezani. Musanapereke ndalama yoyamba, a kampani akulembereni kuti akufunsirani viza yolowera kangapo.