Python 3.13: zabwino zake zenizeni si zomwe zinatchuka zija

Python 3.13 inatuluka pa 7 October 2024 ndipo phokoso lonse pa intaneti linali pa zinthu ziwiri, zoti tsopano GIL (loko yomwe imalola thread imodzi yokha kuyendetsa code ya Python pa nthawi imodzi) itha kuzimitsidwa komanso zoti abweretsa JIT (chida chosandutsa code kukhala ya makina pomwe ikuyenda kuti ithamange). Ine ndayigwiritsa ntchito kwa kanthawi ndithu ndipo zomwe zapepukitsa ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku si zimenezo ayi, ndi REPL yatsopano ija (malo omwe umalemba code ya Python nkuona zotsatira pompopompo) ndi mmene ikumakuuzira ukalakwitsa.

REPL yakale mukuyikumbuka eti, umalemba function ya mizere isanu kenako nkuona kuti vuto lili pa mzere wachiwiri, ndiye uzikanikiza muvi wakumwamba kubweretsa mzere umodziumodzi mpaka function yonse ithe, zinali zotopetsa kwabasi. Pano ukangokanikiza kamodzi function yonse imabwera pamodzi, umapita pomwe pali vutopo, kukonza, Enter, basi yatha. Anatengera ku code ya PyPy, mtundu wina wa Python, ndipo anachita bwino. F1 imatsegula help, F2 imaonetsa zomwe walemba popanda ma >>> aja ndi ma output kuti ukope bwinobwino kupita mu fayilo, F3 ndi ya paste, yomatira code yaitali. Kutuluka ukungolemba exit popanda mabulaketi. Traceback, uthenga wosonyeza pomwe code yagwera, nayo ili ndi mitundu tsopano, diso limathamangira lokha pomwe pavuta, ndipo amene sakufuna mitunduyo angoika PYTHON_COLORS=0, amene akufuna REPL yakale yomwe ija pali PYTHON_BASIC_REPL.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Munthu amene wangoyamba kumene kuphunzira akufuna kupanga kamasewera koponya dayisi, fayilo yake waitcha random.py, mkatimo walemba import random, kenako Python ikumuuza kuti random ilibe randint. Iyeyo akuyang'ana buku, akuyang'ana sikirini, zonse zikufanana ndendende koma sizikuyenda, ndipo ambiri amagwa ulesi pomwepa nkumaganiza kuti mutu wawo si wa zimenezi. Mu 3.13 uthengawo umanena mosabisa kuti dzina la fayilo yako likufanana ndi la module ya Python yomwe, uyisinthe dzina. Chimodzimodzi ukalemba max_split m'malo mwa maxsplit mu split(), imakufunsa ngati umatanthauza maxsplit. Kwa munthu amene akuphunzira yekha usiku, bundle yatha, alibe womufunsa, mzere umodzi umenewu ndi umene ungamusunge kuti asasiye.

Za GIL zija ndi zoona koma musathamange nazo. Ndi build yapadera, imatchedwa python3.13t, ndipo eni ake anati mu 3.13 ndi yoyeserera. Ma thread amathadi kuyenda limodzi pa ma core angapo, koma pulogalamu ya thread imodzi imachedwa, zolemba zawo zomwe zikunena pafupifupi 40%, komanso ukaitana laibulale ya C imene sinakonzedwere zimenezi GIL ija imadziyatsanso yokha. Ndi chiyambi chachikulu, PEP 703, chikalata chopempha kuti GIL izitha kuzimitsidwa, inatenga nthawi kuti ivomerezedwe ndipo ndikuyembekezera mwachidwi komwe ikupita, koma pa seva ya kasitomala sindingayiike panopa. JIT nayo imabwera yozimitsa ndipo liwiro lomwe ikuwonjezera ndi lochepa.

Tsono apa ndi pofunika kusamala musanasamuke. Achotsa ma module 19 akale motsatira PEP 594, ena mwa iwo ndi cgi, telnetlib, imghdr, crypt, pipes ndi audioop, ndipo 2to3, chida chosinthira code ya Python 2 kupita ku Python 3, nayo yapita. Anachenjeza kuyambira 3.11 ndiye sitinganene kuti atidzidzimutsa, koma vuto ndi loti mwina code yanu siyigwiritsa ntchito zimenezi pomwe laibulale yomwe mumadalira ikugwiritsa. Mwachitsanzo pydub imafuna audioop, ndiye pa 3.13 mufunika kuika audioop-lts kuchokera pa PyPI (nkhokwe ya ma laibulale a Python), ya cgi iliponso, dzina lake legacy-cgi. Anzanga a ma netiweki amene muli ndi ma script akale olowera mu ma switch ndi telnetlib, yesani kaye mu venv (malo odzipatula oikamo ma laibulale a project imodzi) yapadera musanakhudze makina a ntchito, chonde.

Mu laibulale muli tinthu tina tating'ono tosangalatsa. copy.replace() imakupatsa kope ya dataclass kapena namedtuple kapena datetime utasintha malo amodzi okha, dbm tsopano imagwiritsa SQLite pansi pake, queue.Queue yapeza shutdown() yomwe tinkachita kuzembera ndi None pouza ma worker kuti ntchito yatha. A ma type hint alandira TypeIs, ReadOnly ndi ma default a type parameter. Android ndi iOS azilandira pa tier 3 (gawo lotsikitsitsa la ma system omwe Python imathandiza), zomwe sizikutanthauza kuti mawa mupanga app ya pafoni mosavuta koma khomo latseguka.

Ngati mukuyamba project yatsopano kapena mukuphunzitsa ena, ikani 3.13 osakayika, izilandira zokonza za chitetezo mpaka October 2029. Ngati muli ndi system yakale yomwe ikuyenda, tengani requirements.txt yanu muyiyese kaye mu venv ya 3.13, muone ma import omwe agwe, mukonze amenewo kenako musamuke.