Kasitolo ka ku Joni komwe kanadzutsa mpira wanga wa bowling

Anzanga a kuno ku Mchinji amene timakwera limodzi basi kukaoda katundu ku Johannesburg, makamaka inu amene mwayamba kukonda bowling, masewera ogubuduza mpira wolemera kuti ugwetse mapini (timitengo toimika kumapeto kwa njira yake): mpira wanu ukasiya kukhota, musathamangire kugula wina. Pitani nawo kaye ku kasitolo kobowola mipira kamene kamakhala m'holo yosewereramo. Bambo amene anandikonzera wanga ntchito yawo amaidziwa, ngakhale pali chimodzi chimene sichinandikomere.

Wanga ndi wa reactive resin (mtundu wa khungu lake), wolemera mapaundi 14. Uli watsopano unkatsetsereka kaye, kenako n'kupinda mwamphamvu kulowa pakati pa pini yoyamba ndi yachitatu. Patapita miyezi unayamba kungodutsa chowongoka, mkono uli womwewo, kaponyedwe komweko.

Bambowo asanaukhudze n'komwe anayamba andifotokozera vuto lake, ndipo ichi n'chimene ndinawakondera. Kuchokera pamzere woponyera kukafika pa pini yoyamba ndi mamita 18, ndipo pafupifupi mamita 12 oyambirira amapakidwa mafuta. Mpira umatsetsereka pamafutapo, ukafika pouma umagwira pansi n'kukhota. Mipira ya mtundu umenewu, imene inabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, khungu lake lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Limamwa mafuta ngati mbiya yatsopano ikumwa madzi. Timabowo tikadzaza, mpira umafika pouma uli wonona, ndiye ugwira bwanji? Komanso kachigawo kamene kamagubuduka pansi kamasalala chifukwa chokhulana ndi njira, n'kumatolanso litsiro la m'makina obweza mipira. Anandionetsa mzere wonyezimira wozungulira mpirawo, ine nthawi yonseyi ndinkauyesa ukhondo wa mpira wosamalidwa.

Anauika m'kauvuni kotentha pang'ono, mafuta n'kumatuluka timadontho, iwo n'kumapukuta n'kubwezeramo. Atatha anaukhula pamakina ouzunguza, poyamba ndi sandipepa wa nambala 500, kenako 1000, n'kumalizira wa 2000 (nambala ikamakula, sandipepayo amakhala wosalalirapo). Anati wa 4000 ndi wa amene akufuna mpira utsetsereke patali usanapinde. Nditauponya madzulo ake unakhota ndithu. Sunafike mmene unalili tsiku loyamba, ndipo iwo anali atandiuziratu kuti sudzafika. Munthu wonena zoona chonchi ndi wofunika kubwererako.

Chimene sichinandikomere ndi nthawi. Anati ndikautenge mawa lake, pomwe wageni amene katundu wake wamangidwa kale ndipo basi ikunyamuka alibe mawa. Kausiyeni mpirawo tsiku lomwe mwafika, musanayambe kuzungulira m'maholoselo. Mankhwala otsukira amene amagulitsa nawonso ndi odula ukawerengera m'makwacha, koma sanandikakamize. Anati thaulo louma lopukutira mpira musanauponye, nthawi iliyonse, ndilo limateteza kwambiri, chifukwa mafuta umawachotsa asanalowe.

Kwa amene mpira umakhala nawo kunyumba kuno, anandipatsa njira yapafupi: tsekani mabowo a zala ndi tepi, uviikeni m'madzi ofunda a madigiri pafupifupi 50 okhala ndi sopo wotsukira mbale pang'ono, kenako pukutani. Madzi owira ayi. Ndipo dzuwa lathu la mu Okutobala lisakunyengeni kuti muuyanike panja kuti mafuta atuluke, kapena kuusiya m'buti ya galimoto masana. Kutentha kwa mbali imodzi kumatha kuung'amba.