Lords and Ladies: afiti ake si amene timawadziwa kuno

Bukuli analemba Terry Pratchett, Mngelezi amene anamwalira mu 2015. Linatuluka mu 1992 ndipo ndi la nambala 14 pa mabuku ake 41 a nkhani za dziko longopeka lotchedwa Discworld. Ndi nthano yoseketsa, koma Chingelezi chake n'chokhotakhota, moti mwana wa Fomu 2 chimulemera.

Munthu wa ku Chikwawa kapena Nsanje akamva za mfiti amaganiza za lichero louluka usiku, za kumanda, mwinanso za agogo amene amanamiziridwa mudzi ukagwa maliro. Mukalowa m'bukuli ndi maganizo amenewo nthabwala zonse zikudutsani. Afiti atatu a m'dziko la Lancre, Granny Weatherwax, Nanny Ogg ndi Magrat Garlick, ntchito yawo ndi ya azamba, a zitsamba ndi adzukulu. Amachiritsa amayi, amadwazika matenda, amasambitsa maliro. Granny sadalira kwambiri matsenga. Amangodziwa mmene mutu wa munthu umayendera, n'kumuopseza ndi diso lokha. Nanny Ogg, mayi wa ana 15, wokonda mowa ndi nyimbo zolaula, pamsika wa Nchalo simungamusowe mnzake.

Oipa ndi ma elf, zolengedwa zooneka ngati anthu za m'nthano za ku Ulaya, ndipo apa ndi pamene bukuli lakoma. Musawayese ndondocha. Ndi okongola, oimba bwino, ndipo munthu akawayang'ana amadziona wachabechabe n'kugonja yekha. Amazunza pongosewera, ngati mphaka ndi mbewa. Anthu a ku Lancre anaiwala nkhanza zawo n'kungosunga mbiri ya kukongola, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chimene ma elf amaopa ndi chitsulo. N'chifukwa chake anatsekeredwa kunja ndi miyala yokoka chitsulo yoimikidwa mozungulira, yotchedwa Dancers, ndipo pakhomo anthu amakhomapo chitsulo cha kuphazi kwa hatchi. Mavuto akuyamba atsikana ofuna ufiti wachidule atayamba kuvina pamiyalapo, ukwati wa Magrat ndi Mfumu Verence uli pafupi.

Zofooka zilipo. Bukuli lilibe machaputala, choncho pofuna kupuma mumasowa poimira; ikani kapepala. Nthabwala zina zili m'timawu ta m'munsi mwa tsamba, osatidumpha. Zina zambiri zatsamira pa sewero la Shakespeare la A Midsummer Night's Dream ndi gule wa kumidzi ya ku England, ndipo amene sadziwa zimenezi angodabwa kuti anzake akusekanji. Ulendo wa aphunzitsi a zamatsenga wopita ku ukwati ukuchedwetsanso nkhani. Ngati mungawapeze, yambani ndi Wyrd Sisters (1988) kenako Witches Abroad (1991), chifukwa kukangana kwa Granny ndi Magrat kunayambira kumeneko.

Mukaligula lakale lachikuto chofewa, yang'anani kaye masamba oyamba ndi omaliza, poti ndiwo amayamba kuthothoka. Guluu wa kumsana kwake sapirira kutentha kwa m'chigwa muno mu Okotobala ndi Novembala: amauma, ndipo mukalipinda chagada limang'ambika pakati. Matani msanawo ndi selotepi yaikulu musanabwereke munthu, musalisiye pazenera kapena pafupi ndi malata, ndipo nthawi ya dzinja lisungeni m'jumbo, m'chidebe chotseka, pamalo okwera pamene chiswe ndi madzi osefukira sizifika.